Lovemore Apempha Basela

1. Pa ngolo ya eni ake

"Munthu woti angandidyere ine pa malonda sanabadwe," anatero Lovemore. "Ndipo amayi ake sanakwatiwe n'komwe."

Mawu amenewa anawanena Lolemba pa msika wa Golomoti, atakhala pa ngolo ya eni ake, mwendo uli pamwamba pa unzake. Omvera anali amuna anayi a kabaza, mayi wogulitsa zitumbuwa, ndi mbuzi ziwiri zomangidwa ku tayala la ngoloyo. Mbuzi zokhazo ndi zomwe sizinaseke.

Lovemore anali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri. Sukulu anaisiya ali Fomu 2, akuti chifukwa aphunzitsi ankangobwereza zomwezomwezo. Koma pa malonda, tisanamizane, anali katswiri. Ankagula mbuzi m'midzi ya ku Mua ndi ku Mtakataka n'kudzagulitsa kwa opha nyama. Akagula mbuzi, chingwe ankapita nachonso. Akagula matimati, wogulitsa ankaika atatu apamwamba asanapemphedwe, podziwa kuti akapanda kutero Lovemore aima pomwepo mpaka makasitomala ena athawe.

Lamulo la msika wathu ndi lodziwika. Mukamvana mtengo n'kugwirana chanza, nkhani ya mtengo yatha. Chilichonse chomwe wogulitsa aika pamwamba pambuyo pake ndi basela, ndipo munthu woleredwa bwino safunsa mtengo wa basela. Amangothokoza. Akakhala Lovemore, amapempha china.

"Lachinayi lino, 2 koloko masana, mudzamva hutala kuchokera kumtunda uko," anapitiriza. "Galimoto yatsopano, mapulasitiki ali pa mipando. Ndidzabwera ndi galimoto, ndi chenji, ndi basela pamwamba. Anthu a ku Lilongwe amavala mataye, koma malonda sawadziwa."

Tsidya lina la msewu a Gidiyoni, eni ake a butchala, ankanola mpeni akumvetsera.

"Ndalama zikakaperewera kumeneko," anakuwa, "uwauze amayi ako kuti puloti ya pamsewu ija ndikuifunabe."

"Puloti imeneyo muziidya ndi maso, a Gidiyoni."

"Maso anga ndi opirira, mwanawe."

Ndalama zogulira galimotoyo sizinali za Lovemore. Amayi ake, a Anastasia, anaphunzitsa Sitandade 1 kwa zaka makumi atatu ndi ziwiri, ndipo atapuma pa ntchito analandira ndalama zawo zonse nthawi imodzi. Pa ndalamazo anawonjezera za ng'ombe zisanu ndi ziwiri zomwe malemu amuna awo anasiya. Zonse pamodzi zinakwana K9,000,000. Mu nyuzipepala anaona kalole koyera ka tani imodzi, mtengo wake K8,900,000. Anaganiza kuti kakamanyamula mpunga, mbuzi ndi anthu a pa msika, pakhomo pazipezeka chakudya ngakhale malipiro a pamwezi anatha.

Khola linatsala lopanda kanthu. Ku banki kunatsala dzina lokha. Chomwe banjalo linatsala nacho chinali puloti ya pamsewu ija, pomwe mayiwo ankafuna kudzamanga nyumba ya ukalamba wawo.

2. Mawu a a Silvesta

Lachiwiri masana kunabwera a Silvesta, achimwene awo a mayi Anastasia. Bambowa anayendetsa galimoto za ansembe zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo bondo lawo lakumanzere linatha ndi kuponda kalachi. Ndiwo anaphunzitsa Lovemore chiwongolero. Anagwirizana kuti Lachitatu awiriwo akwere minibasi ya 7 koloko.

Anakhala pa khonde, natambasula mwendo wodwalawo, nayamba.

"Mphwanga, ndikudziwa kuti pakamwa uli napo. Koma komwe tikupita mawa si ku msika. Ku msika wogulitsa ndi mmodzi. Amene wakuuza mtengo ndi yemweyo amene walandira ndalama, ndipo mawa umupeza pansi pa mtengo womwewo. Kumene kuja, woseka nawe ndi wina, wowerenga ndalama ndi wina, wotsegula geti ndi winanso. Woseka nawe uja pa nthawi yolira sumupeza."

"Ndamva, amalume."

"Sunamve, ndikadalankhula. Mtengo wa mu nyuzipepala uja ndi wa galimoto itaima. Kuti iyende, pali zolipira zina: mapepala, nambala, kuiyendera. Zimenezo sungazithawe, koma ukhoza kukambirana kuti zilowe mu ndalama tili nazozi. Ndiye pali zina zomwe ndi msampha chabe. Adzakuuza kuti tiike ichi, tiike icho, galimoto ikongole. Ine ndinaperekeza ansembe kanayi kokagula galimoto. Ulendo wina ndinali ndi bambo mfumu wina wowerenga zilankhulo zisanu. Anamulipiritsa mpweya wa m'matayala. Mpweya, mphwanga! Akuti unali mpweya wapadera. Tinabwera nawo mpaka kuno, ndipo tayala linaphulika pa Khwekhwelere ngati tayala lina lililonse."

Mayi Anastasia anaseka pang'ono akusankha nyemba. Lovemore ankayang'ana foni.

"Funso ndi limodzi," anatero a Silvesta akukweza chala. "Ndalama zonse pamodzi ndi zingati kuti galimoto iyi ituluke pa geti? Alembe pa pepala, uone nambala ya pansi penipeni. Akati tiike chakuti, iwe funsa kuti zingati. Ngakhale akupatse madzi akumwa, funsa kuti zingati. Kufunsa mtengo si umphawi. Ndipo usasaine pepala lomwe sunaliwerenge. Chingerezi chako ndimachidziwa, chimathera pa moni. Zowerenga undisiyire ine. Iwe ntchito yako ndi kuyendetsa pobwerera."

"Ndiye ine ndikupita ngati dalaivala basi?"

"Dalaivala ndi munthu. Ine ndakhala dalaivala moyo wanga wonse."

"Amalume, inu pa msika mumalipira mtengo woyamba. Amayi ogulitsa nsomba akakuonani amayamba kuthokoza Mulungu musanafike n'komwe."

"Nsomba ndi nsomba," anatero a Silvesta. "Izi ndi zaka makumi atatu ndi ziwiri za choko cha amayi akowa."

Cheke cha ku banki chinali mu envelopu, envelopuyo ili m'buku la nyimbo la mayi Anastasia. Lachitatu tambala atangolira kachiwiri, Lovemore anagogoda ku chipinda cha amayi ake atavala kale jekete.

"Amalume asintha nthawi. Akuti tikumane pa siteji 5 koloko, kuti tikafike maofesi akungotsegula."

Mayiwo anamupatsa envelopu ija ndi manja awiri.

"Uziwamvera amalume ako."

"Musadandaule, amayi."

Pamene a Silvesta ankamanga zingwe za nsapato kunyumba kwawo, minibasi yomwe anakwera Lovemore inali itamaliza kale kukwera phiri.

3. Kasitomala wa m'maloto

Malo ogulitsira galimotowo anali ndi magalasi kuyambira pansi mpaka kudenga. Pansi pake pankawala moti Lovemore anapukuta nsapato kawiri pa khomo. Mnyamata wa taye yofiira anamuthamangira.

"Takulandirani, bwana. Dzina langa ndine Raphael."

Chibadwire chake Lovemore anali asanatchulidwepo bwana, kupatula ndi oledzera ofuna ndudu. Anakweza mapewa.

Kalole kaja kanalipo, koyera ngati mkaka. Lovemore anakazungulira monga amazungulirira mbuzi. Anamenya matayala ndi nsapato. Anauza Raphael kuti atsegule boneti, nasuzumira m'kati ngati akuwerenga mano. Anagwedeza mutu mwachisoni.

"Kawonda," anatero.

"Bwana?"

"Ndati kawonda. K8,000,000."

Raphael anaseka, nati mtengo ndi wa kampani. Lovemore anatembenuka n'kuyenda kupita ku khomo. Raphael anamuitana. Anakhala pansi. Anakambirana. Lovemore anaimirira kachiwiri, nafika mpaka panja pomwe panali mlonda. Raphael anamutsatira, nati adikire akafunse akuluakulu. Atabwerako nkhope yake inali ngati ya munthu wochokera ku maliro.

"K8,500,000, bwana. Mwandivula malaya."

Anagwirana chanza. Lovemore anawerengera m'mutu: chenji K500,000. Foni yake inalira m'thumba. Anaona dzina la amalume ake, naizimitsa.

Raphael anamukhazika pa mpando wofewa, namupatsa chakumwa chozizira. Kenako anatulutsa pepala ndi cholembera.

"Mwati kwanu ndi ku Golomoti? Kumeneko ndi kufupi ndi nyanja, dzimbiri silichedwa. Tipope mankhwala kunsi kwa galimoto?"

Lovemore anamwetulira. Nthawi ya basela inali itakwana, ndipo munthuyu anayamba yekha, osapemphedwa. Ku Lilongwe kulinso anthu oleredwa bwino.

"Popani."

"Muzinyamula chiyani?"

"Mbuzi, mpunga, anthu."

"Ndiye pafunika zitsulo za m'mbali, ndi lona ya mvula."

"Ikani."

"Akuba achuluka masiku ano. Tili ndi kachipangizo kolondola galimoto ikabedwa."

"Ikani komweko."

"Mamati a rabala ndi zovala za mipando?"

"Mukufunsiranji? Ikani."

"Sevisi ya zaka ziwiri, kuti musamavutike?"

"Eya."

Raphael ankangochonga. Kenako anatembenuza pepalalo kuti Lovemore aone.

"Mitengo yake ili mbali iyi, bwana, ngati mukufuna kuiona."

Lovemore anakankha pepalalo ndi chala chimodzi, osaliyang'ana.

"Za mitengo tathana nazo kale, achimwene. Tagwirana chanza. Musandichititse manyazi."

Raphael anamuyang'ana kanthawi. Kenako kumwetulira kwake kunakula.

"Monga mwanenera, bwana."

"Koma pali chimodzi," anatero Lovemore akutsamira mpando. "Kampani yaikulu ngati ino, galimoto ituluke yopanda wailesi? Anthu akwathu akaseka inu, osati ine."

"Tiika ya masipika anayi."

"Apo ndiye mwalankhula."

"Bwana," anatero Raphael, "inu ndinu kasitomala amene timamulota."

Mapepala osaina anali anayi, zilembo zake zing'onozing'ono ngati nyerere. Pa tebulo lina panali mayi wa magalasi amene ankawerenga mapepala ake mzere ndi mzere, chala chili pa pepala, akufunsa mafunso. Lovemore anamumvera chisoni mayiyo. Iye anasaina malo onse anayi asanamalize n'komwe chakumwa chake. Anapereka cheke, nalandira lisiti.

Raphael anati amisiri ayamba nthawi yomweyo, ndipo galimoto ikhala yokonzeka mawa m'mawa, nambala zili kale.

Madzulo ake, ali pa malo ogona alendo a mtengo wotsika, Lovemore anaimbira amayi ake.

"Wawasiyiranji amalume ako?" anafunsa mayiwo. Mawu awo anali otsika. "Adikira pa siteji mpaka 9 koloko."

"Amayi, ndatsitsa mtengo ndi K400,000. Amalume akanatsitsa zingati? Ndipo zomwe andiikira pamwamba simungakhulupirire. Uzani amayi a mu Mphakati. Uzani akatekisiti a Pius abwere ndi madzi odalitsa. Mawa 2 koloko."

Anadula foni mayiwo asanayankhe.

4. Kuseri kwa galasi

Lachinayi m'mawa kalole kaja kanali kuseri kwa mpanda wa waya. Zitsulo za m'mbali zinkawala. Lona yobiriwira inali yopindidwa bwino pamwamba. Nambala zinalipo kutsogolo ndi kumbuyo. Lovemore anapempha makiyi kwa mlonda.

"Kapepala ka pa geti, achimwene."

"Kapepala kanji?"

"Kochokera kolipirira. Khomo lachiwirilo."

Kolipirira kunali mayi wa zaka ngati makumi anayi atakhala kuseri kwa galasi. Pa chifuwa pake panalembedwa kuti Agatha. Sankamwetulira, komanso sanali wokwiya. Anali ndi nkhope ya munthu amene waona zambiri pa windo limenelo.

"Ndabwera kudzatenga makiyi ndi chenji changa," anatero Lovemore.

A Agatha anayang'ana pa kompyuta, nayang'ana Lovemore.

"Chenji?"

"K500,000."

"Achimwene, inu ndi amene mwatsala ndi K2,000,000 yoti mulipire."

Lovemore anaseka. Anayang'ana kumbuyo kuti aone ngati mayiwo akulankhula ndi munthu wina. Kumbuyo kwake kunali khoma.

A Agatha anasindikiza pepala, nalilowetsa pansi pa galasi, nayamba kuwerenga ndi cholembera.

"Galimoto, K8,500,000. Zitsulo ndi lona, K620,000. Mankhwala a dzimbiri, K280,000. Kachipangizo ka akuba, K350,000. Mamati ndi zovala za mipando, K150,000. Sevisi, K540,000. Wailesi, K160,000. Ndiye pali zathu za masiku onse: kukonza mapepala, kuyendera galimoto, kulembetsa ndi nambala, K400,000. Zonse pamodzi K11,000,000. Mwalipira K9,000,000."

"Zinazo ndi basela."

"Ndi chiyani?"

"Tinagwirana chanza. Zonsezo anaika pambuyo pa chanza."

"Anakuuzani kuti ndi zaulere?"

Lovemore anafufuza m'mutu mwake mawu onse a dzulo. Sanawapeze mawu amenewo.

"Muitaneni Raphael."

"Raphael wapita ku Kasungu kukasiya thirakitala. Abwera Lolemba."

"Ndiye chotsani zonsezo. Ndikufuna galimoto yokha."

"Zitsulo awotcherera kale. Mankhwala apopa kale, sangabwererenso m'chitini. Ndipo saini iyi ndi yanu? Iyinso? Iyi? Iyi?"

Zinali zake zonse zinayi, zazikulu, za mchira wautali.

A Agatha anavula magalasi n'kuwaika pa tebulo.

"Ndikuuzeni monga mchemwali wanu, osati monga wa ntchito pano. Mukanakana zisanu ndi chimodzi zoyambazo, zonse zikanakwana K8,900,000. Pano bwenzi ndikukuwerengerani K100,000 m'manja, inu mukuyatsa galimoto. Mtengo munatsitsa bwino, sindinaonepo munthu akutsitsa chonchi. Kenako munaukweza nokha, mukumwa chakumwa chathu. Ine pa windo lino ndimaona aphunzitsi, abusa, ngakhale maloya. Amene amatuluka akuseka si ochenjera kulankhula ayi. Ndi aja otopetsa, ofunsa kuti zingati pa chilichonse. Kodi kwanu kulibe wamkulu woti akanakuperekezani?"

Lovemore sanakwiye, sanalire. Ankangoyang'ana kabowo ka pa galasi komwe mawuwo ankatulukira. Kunja wina ankatsuka galimoto ndi paipi, ndipo phokoso la madziwo linkamveka ngati lochokera kutali kwambiri.

"Tsamba lachitatu muliwerenge bwino mukafika kwanu," anatero a Agatha. "Pali masiku ake."

Anapinda mapepalawo n'kuwaika mu envelopu. Kenako anawerama, natulutsa chipewa choyera cholembedwa dzina la kampaniyo, nachilowetsa pansi pa galasi.

"Ichi timapatsa kasitomala aliyense."

Lovemore anachiyang'ana chipewacho osachigwira.

"Zingati?" anafunsa.

"Chaulere, achimwene."

Anachitenga. Potuluka anadutsa pa mpanda wa waya uja. Mmisiri wina anali m'kati mwa kalole kaja akuyesa wailesi. Inkamveka bwino, masipika onse anayi.

5. 2 koloko

Mu minibasi anamuika pa mpando wa kumbuyo, pakati pa thumba la kabichi ndi bambo wina wogona. Kondakitala anatchula mtengo. Lovemore analipira womwewo. Kondakitalayo, amene ankamudziwa, anadikira kanthawi kuti mkangano uyambe. Sunayambe.

"Mukudwala, akulu?"

"Ayi."

Anadutsa Dedza. Anatsika phiri. Mphepo yozizira inatha, kutentha kwa kwathu kunayamba kulowa pa mawindo. Foni inalira kasanu m'thumba mwake. Sanaigwire. Envelopu inali pa bondo lina, chipewa pa bondo lina.

Ku Golomoti anthu anayamba kusonkhana 1 koloko. Amayi a mu Mphakati anavala zitenje zofanana n'kuima mumthunzi wa sitolo, mayi Anastasia ali pakati pawo. A Pius, akatekisiti, anabwera pa njinga ndi botolo la madzi odalitsa ndi kanthambi kowazira. Amuna a kabaza anayi aja anandanditsa njinga zawo m'mbali mwa msewu kuti aperekeze galimoto mpaka kunyumba. A Silvesta anakhala pa benchi paokha, mwendo uli chitambasulire.

Galimoto yoyera iliyonse ikatulukira, amayi ankayamba nthungululu. Yoyamba inali ya achipatala. Yachiwiri inali ya ogula thonje. Yachitatu inanyamula bokosi la maliro, ndipo nthungululuyo inathera m'khosi.

Cha m'ma 3 koloko minibasi inaima pa siteji. Palibe anaiyang'ana. Anatsika mayi wa mwana kumbuyo. Anatsitsa thumba la kabichi. Kenako anatsika Lovemore.

Woyamba kumuona anali mayi wa zitumbuwa uja.

"Si uyu?"

Anthu anatembenuka. Anayang'ana Lovemore, nayang'ana kumbuyo kwa minibasi ngati kalole kakubisala kumeneko. Minibasi inanyamuka. Kumbuyo kwake kunali fumbi.

"Hutala ija sitinaimve, akulu," anatero mmodzi wa a kabaza. Mnzake anamugunda ndi chigongono.

A Pius anayandikira, botolo lili m'manja, chitsekerero atachotsa kale.

"Mwana wanga, tidalitse chiyani?"

Lovemore anatsegula pakamwa. Pakamwa pomwe panatsitsa mitengo ya mbuzi kuyambira ku Mua mpaka ku Mtakataka sipanatuluke kanthu.

A Silvesta anaimirira pang'onopang'ono, nayenda motsimphina mpaka pomwe anaima mphwawoyo. Sanamufunse chifukwa chomwe anawasiyira pa siteji. Anangotambasula dzanja. Lovemore anawapatsa envelopu.

Bambowo anavala magalasi. Anawerenga tsamba loyamba. Anawerenga lachiwiri. Pa lachitatu anakhalitsa, chala chikuyenda pansi pa mizere.

"Achimwene, kwalembedwa chiyani?" anafunsa mayi Anastasia.

"Tikakambe kunyumba, mlongo wanga."

"Anthuwa ndawaitana ine. Nenani pompano."

A Silvesta anapuma mozama.

"Galimoto yagulidwa, koma siituluka mpaka tilipire K2,000,000 ina. Atipatsa masiku khumi ndi anayi. Akatha osalipira, galimoto aigulitsa kwa wina, ndipo pa ndalama zanu zija adulapo K1,800,000."

"Masikuwo ayamba liti?"

"Anayamba dzulo. Atsala khumi ndi atatu."

Mayi Anastasia sanakuwe. Sanagwe pansi monga amayi anzawo ankayembekezera, moti awiri omwe anatambasula kale manja kuti awagwire anawabweza. Anangoyang'ana mwana wawo monga ankayang'anira mwana wa Sitandade 1 amene wabwera wopanda pensulo.

"Chili m'manjacho n'chiyani?"

"Chipewa, amayi."

"Wagula zingati?"

"Ndi basela."

Mayiwo anagwedeza mutu pang'ono, ngati munthu amene wauzidwa nthawi. A Pius anabwezera chitsekerero pa botolo lawo.

Tsidya lina la msewu, a Gidiyoni anaika mpeni pansi. Anapukuta manja pa epuloni, navula chipewa chawo, nayang'ana uku ndi uku ngati kukubwera galimoto. Kunalibe. Anawoloka msewu osafulumira, akumwetulira, kulunjika pomwe anaima mayi Anastasia.